Ndagula Besi, Achemwali

17 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko. Kuno tikudzuka ndithu, mwendo wa alamu anu unaphwa, ndipo denga la kubafa lija tinalikonzetsa. Khalani pansi kaye musanapitirize kuwerenga, chifukwa ndili ndi nkhani ziwiri. Ina museka nayo, inayo ayi.

Yoseketsa ndi iyi: mng'ono wanu, mayi wa ana atatu, yemwe munkati akayamba kuimba ngakhale agalu amasamuka pakhomo, wagula gitala ya besi.

Inayo ndi yakuti makutu anga akufa.

Zinayamba chaka chatha. Ndinasiya kumva ketulo ikamalira, kenako belu la pachitseko. Kuntchito sizinkadziwika, poti muholo yathu yosokera makina onse akayamba kulira aliyense amasanduka gonthi, timangolankhulana ndi manja. Koma masabata atatu apitawo, nditanyamula mulu wa makolala a malaya kupita nawo kosungira katundu, ngolo ya injini yonyamula mabelo a nsalu inkabwerera chammbuyo. Ikamatero imalira kuti anthu apatuke. Ine sindinamve kanthu. Mnzanga wosoka pafupi nane, yemwe timamutcha Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipazima, anandikoka diresi ndi kugwera nane pamakatoni. Nsapato yanga inavuka, tayala linaipondaponda ine ndikuona.

"Iwe, ukufuna kutisiyira maliro?" anatero Wayilesi. "Chinthu chikukuwa chonchi osachimva?"

Ndinanama kuti maganizo anali kwina. Akapitawo athu anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo maso amenewo ndikuwaonabe ndikatsinzina.

Ndinapita kuchipatala mobisa. Anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka ngati bokosi, anandiveka zomvera m'makutu ndi kundipatsa kabatani koti ndizidina ndikamva kulira. Achemwali, ndinakhala chala chili pabatani, ndikuwaona adokotala kuseri kwa galasi akupotokola makina awo, m'makutu mwanga muli zii. Kawiri konse ndinadina mongopeka. Potuluka anandiuza kuti mawu ang'onoang'ono, osongoka aja, anapita ndipo sabwerera, koma mawu aakulu, apansi, akadalipo.

"Akhalapo mpaka liti?" ndinafunsa.

"Ndikunamizani ndikatchula tsiku, mayi. Mubwere pakatha miyezi itatu tidzayezenso. Kwanu alipo amene anagontha?"

Ndinakumbukira malemu bambo. Mukukumbukira mmene tinkawakuwira, kenako tinatopa, n'kumangowasiya pampando wawo akugwedezera mutu nkhani zomwe sakuzimva? Tinali ife tomwe, ana awo. Chimenecho ndiye ndikuchiopa kuposa kugontha kwenikweniko.

Tsiku limenelo sindinakwere basi, ndinangoyenda osadziwa kolowera. Mumsewu wa masitolo a zamagetsi china chake chinandigunda pachifuwa: du, du, duu! Munthu ankayesa besi m'sitolo ya zoimbira. Ndinaima pakhomopo kukamwa kuli yasa. Patapita miyezi yonseyi, mawu anandifika athunthu, osafuna kuti ndiyang'ane milomo ya munthu kapena kupeka.

Loweruka ndinabwererako ndi ndalama zomwe ndinkasungira firiji. Musakalipe, ndadzikalipira kale.

"Ndi ya mwana wanu, mayi?" anandifunsa wogulitsa, bambo wa tayi yothina.

"Ndi yanga. Sindinagwirepo, ndipo m'thumba ndi mopepuka."

Anayamba ndi zapakhoma, za nsambo zisanu, mitengo yake yoti munthu ugulitse nyumba. Ataona nkhope yanga anatulutsa ina m'katoni, yofiira, yatsopano, yonyezimira moti ndinadziona mano. Ankalankhula mothamanga, nkhope ataloza kukhoma, ine ndikungogwedeza mutu. Anailumikiza kusipika, ndinakoka nsambo imodzi, inagunda bwino. Ndinayamba kutsegula chikwama.

Pamenepo panatulukira mmisiri wokonza zoimbira, yemwe ali ndi benchi yake kuseri kwa sitoloyo, munthu wa imvi, zala zili gluu yekhayekha.

"Mayi, simukumva kuti ikulira ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo?"

Anthu onse m'sitolomo anatembenuka. Ndinafuna kunama ngati kuntchito kuja, koma pakamwa panandipereka.

"Sindikumva, bambo. Makutu anga akufa."

Kanali koyamba kuwatulutsa mawu amenewa, ndipo ndinawatulutsira mlendo. Wogulitsa uja anayang'ana nsapato zake, n'kung'ung'udza kuti, "Madala, mukundiphera msika." Mmisiriyo anakoka kampando, anakhala moyang'anizana nane, n'kumalankhula pang'onopang'ono kuti ndizimuona milomo.

"Ndiye tisankha ndi maso ndi manja. Mumagwira ntchito yanji?"

"Yosoka."

"Basi, msoko wokhota mumaudziwa. Tsinzinani diso limodzi, muyang'ane khosi la gitalayi kuchokera kumutu."

Linali lopindika ngati uta. Anandionetsa kuti nsambo zakwera kwambiri, chala changa chinalowa pansi pake osakhudza, ndipo anati wophunzira akagula yotero zala zimatupa, pakatha sabata gitala ili pansi pa bedi. Anayendetsa dzanja langa m'mbali mwa khosilo, tizitsulo take tinandikala ngati macheka.

Kenako anabweretsa ina yakuda, yogwiritsidwapo kale ntchito, penti itasupuka kumsana komwe lamba wa mwini wake woyamba ankakhula. Ya nsambo zinayi.

"Kwa woyamba kumene zinayi zakwana," anatero. "Yachisanuyo ndi ya ofuna kuoneka. Iyi khosi lake ndi lalifupi, zala zanu zifika, ndipo ndi yopepuka, phewa silidandaula."

Anapotokola mabatani onse ndi kugwedeza waya polowera, dzanja langa ataliika pasipika kuti ndikhudze ndekha kuti mawu sakudukiza. Pomaliza anandiuza kuti ndigunditse chibwano pathupi la gitalayo ndi kukoka nsambo yaikulu. Achemwali, mawuwo analowera m'mano, anakwera m'mutu, n'kutsika ndi msana wonse. Ndinalira pamaso pa anthu, ine wamkulu ndithu.

Mtengo wake unali wotsika kuposa yofiira ija, moti ndinatha kutengeranso kasipika kakale. Ndinamufunsa mmisiriyo ngati ndingaphunzire ndisanagonthe.

"Sindikudziwa, mayi. Koma chala chimagwira msanga kuposa mutu. Muzibwera Loweruka masana, ndikuonetsani pogwira."

Nditafika nayo kunyumba alamu anu anaseka mpaka kutsokomola. "Firiji yake ndi imeneyi? Nanga madzi tiziika pati?" Ndinawadikira amalize, ndipo ndinawauza zonse: za ngolo, za kachipinda, za miyezi itatu. Anakhala pansi, anawerama, n'kunena mawu ena ake akuyang'ana pasimenti. Sindinawamve. Ndinaopa kufunsa kuti mwati bwanji, ndipo mpaka lero sindikudziwa chomwe mwamuna wanga ananena pa ola limenelo. M'mawa mwake ndinangowapeza akukhoma chitsulo pakhoma la pabalaza, chopachikapo gitala.

Tsopano ndikaweruka ndimavula nsapato, ndimaponda pakasipika, n'kumakoka nsambo imodziimodzi. Nsonga za zala zachita matuza. Tsiku lililonse ndisanayambe mtima umathamanga, kuopa kuti mwina lero ndikoka osamva kanthu. Mpaka pano ikumvekabe.

Mawa ndikukawauza akapitawo za makutuwa, Wayilesi wati andiperekeza ndipo alankhula ndi iye, monga mwa nthawi zonse. Mwina andisamutsira kopinda malaya komwe ngolo sizidutsa, mwinanso anditsanzika. Mundikumbukire.

Ndikupempheni ziwiri. Choyamba, inunso mukayezetse makutu, ndi ana omwe, musachedwe monga ndachitira ine. Chachiwiri ndi ichi. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, makamaka kwa kamdzukulu kanu komwe ndamva kuti kayamba kutchula anthu mayina. Musadikire tchuthi cha kumapeto kwa chaka ayi. Bwerani nako mwezi wamawa, malo ogona alipo. Mukaphunzitse kunena kuti "agogo aang'ono", ndipo mukafika mudzakakhazike pamiyendo panga, kakamwa pafupi ndi khutu lakumanzere. Kakadzandiitana kamodzi kokha, ndidzasunga.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mzime wa amayi