Bondo Lakumanzere

Lolemba, 3 Juni

Lero m'basi mtsikana wina wanditchula kuti agogo. Wovala zakuofesi, timawaya m'makutu. Anachotsa kamodzi n'kuimirira: "Agogo, khalani apa." Ndinacheuka kuti ndiwaone agogowo. Kumbuyo kwanga kunali chitseko basi.

Ndinati zikomo mwanangu, nditsika posachedwa. Bodza. Ndaima mphindi makumi anayi, chikwama cha zipangizo paphewa, ndipo iye amaona kuti sindikutsika. Mpando unakhala wopanda munthu kwa kanthawi, tonse awiri chilili ngati okwiyitsana, mpaka bambo wina wonenepa anakhalapo.

Zoona, mwana wathu wamkazi anabereka mapasa mu Febuluwale, ndiye ugogo ndili nawo. Koma amakhala kutali, sindinawanyamulebe. Ndimayesa dzinali ndidzalimva koyamba kwa iwowo.

Lachiwiri, 4 Juni

Bondo lakumanzere landilanga chifukwa cha dzulo. Masitepe akuntchito ndakwera ngati ndasenza thumba la simenti.

Lachinayi, 6 Juni

Makina a pamzere wachitatu amadula ulusi. Ndamasula, ndapukuta, ndathira oyilo, ndasintha singano. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndikukonza makina osokera pafakitale imeneyi, zimenezo ndingachite nditatsinzina. Koma kulowetsa ulusi pasingano kuti ndiyese, kanayi konse ndikuphonya, kapitawo ataima pambali panga. Mayi wosoka pamakinawo anangoti, "Pepani amisiri, ndione kaye ulusi wangawu," n'kuulowetsa osandiyang'ana. Sindinamuthokoze. Kuthokoza kukanakhala kuvomera.

Nditaweruka ndinaimbira mayi akunyumba. Mwezi wachinayi uno ali kwa mwana wathu, kuthandiza kulera mapasawo. Mphindi ziwiri. "Mwadya? Dikirani, uyu wasanza. Ndikuimbirani." Sanaimbe. Sindikuwaimba mlandu, manja ali nawo awiri okha.

Lachisanu, 7 Juni

Ndagwa.

Potsika basi, phazi lakumanja linafika pansi bwinobwino. Lakumanzere bondo linangopinda lokha. Chikwama chinatseguka, zonse mbwee pamsewu: masipanala, pulayazi, kabotolo ka oyilo, timabawuti.

Bambo wina wa malaya oyera anagwada m'fumbi n'kumatola timabawutito kamodzikamodzi, kuuzira fumbi, kuponya m'kachitini kake. Dalaivala sananyamuke mpaka nditaimirira, ngakhale am'mbuyo ankaliza mahutala. Mayi wina wa juzi yobiriwira anandigwira pachigongono, osandikoka, kungodikira kuti ndidzuke pa nthawi yanga.

Chandipweteka kwambiri si bondo. Ndinamva wina pawindo akuti, "Ana awo ali kuti, kumawasiya aziyenda okha chonchi?" Ndinafuna kuyankha kuti ana anga ndi abwino, wokanika ndine. Basi inali itapita.

Lamulungu, 9 Juni

Bondo latupa, thalauza likuvuta kukwinya. Sindinatuluke. Ndaphikanso za anthu awiri, dzanja silinaphunzirebe muyeso wa munthu mmodzi. Wailesi tsiku lonse kuti m'nyumba muzimveka mawu. Masana ndinazindikira kuti ndikumuyankha woulutsa.

Mayi akunyumba aimba cha m'ma 3 koloko. "Muli bwanji kumeneko?" Ndati bwinobwino. Ndikanena, mwana wathu ayambiranso nyimbo yake ija yoti ndisiye ntchito ndikakhale nawo. Ndikatani kumeneko? Kukhala pakhonde kumadikira kuitanidwa kuti chakudya chapsa?

Lachiwiri, 11 Juni

Kapitawo wandiitanira pambali. Akuti kuyambira mwezi wamawa ndizikhala pabenchi, makina owonongeka azindibweretsera, ndisamazungulirenso m'mizere. Amalankhula akuyang'ana nsapato zake. Munthu amene ndinamuonetsa ndine pokolowekapo jekete tsiku loyamba ntchito. Ndati ndiganize kaye.

Pobwerera, basi yodzaza. Ndinangomva wina akukoka chikwama changa. Mayi wa juzi yobiriwira uja, atakhala pafupi ndi chitseko. "Bweretsani ndikunyamulireni. Mpando sindikupatsani, ndinakuonani tsiku lija mukuukana." Ndinaseka, koyamba sabata ino. Anachiika pamiyendo n'kufunsa ngati ndimanyamula njerwa.

Patapita kanthawi anati, "Bondolo mwakaonetsa?" Ndati lipola lokha. Anati bambo ake ankateronso, pano ndi chaka chachitatu osatuluka m'chipinda. Kenako anangoyang'ana pawindo.

Anatsika ine ndisanafike. Pamene anachokapo ndinakhalapo. Palibe anandipatsa, ndiye sikugonja. Dzina lake sindinafunse.

Lachitatu, 12 Juni

Ndapempha chilolezo cha mawa. Kapitawo wavomera ndisanamalize n'komwe kulankhula.

Lachinayi, 13 Juni

Kuchipatala. Mzere wautali, tonse aimvi, aliyense akusisita pake pomupweteka. Dokotala ndi wamng'ono kuposa mwana wathu woyamba. Wapinda bondo, walitambasula, wamvetsera likulira. Akuti mafuta a m'bondomo atha, mafupa akukhudzana. Ndafunsa kuti ndinalakwitsa chiyani. Akuti palibe, ndi zaka basi. Mapiritsi, kapepala kokayezetsa maso, ndi ndodo yachitsulo.

Ndinatuluka nditaipanira m'khwapa ngati ndanyamulira munthu wina. Ndinadutsa geti, ndinadutsa ogulitsa zipatso, bondo likutukwana. Pamsewu waukulu ndinaitsitsa. Galimoto yoyamba inaima, woyendetsa n'kundikodola kuti ndiwoloke. Sindinathamange. Sindikukumbuka tsiku lomaliza limene ndinawoloka pamenepo osathamanga.

Nditatsika basi, ndatsala pang'ono kufika kunyumba, foni inalira. Mayi akunyumba. Ndinayankha ndikuyenda.

"Chikugogoda n'chiyani kumeneko?"

Ndinaima. Ndikanatha kunena kuti aneba akukhoma denga. Mawuwo anali kale pakamwa.

"Ndodo," ndinatero. "Ndinagwa Lachisanu."

Ndimangomva mmodzi wa mapasa akulira. Kenako ndinawamva akuuza mwana wathu, "Tamulandira uyu, ndilankhule ndi bambo ako." Chitseko chinatsekedwa, kulira kuja kunamvekera patali.

"Mwakhala pansi?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panali kakhoma ka pagolosale. Ndinakhalapo, ndodo pakati pa miyendo.

"Ndakhala."

"Chabwino. Yambani poyambirira. Musadumphe kanthu."