Kabudula Pachingwe

Chimwemwe, Kitwe

Okondedwa Azakhali,

Muli bwanji ku Katete? Kuno tilipo, atate akugwirabe ku mgodi.

Ndinalowa kalabu ya achinyamata othamanga. Kochi wathu akuti mamita 400 ndi anga, ndipo mwezi wamawa anditenga ku mpikisano ku Ndola. Pakhomo ndimachoka nditavala chitenje ngati wopita ku kwaya, ndikafika pabwalo ndimachivula n'kutsala ndi kabudula. Atate mukuwadziwa pa nkhani ya zovala za mwana wamkazi.

Dzulo kabudula uja, amene ndimabisa pansi pa matilesi, ndinamupeza pachingwe atachapidwa. Amayi anangondiwonjezera mbatata m'mbale.

Kwatsala atate. Paja alongo anuwo amamvera inu nokha, Azakhali. Nambala yawo ya foni sinasinthe.

Ndine mwana wanu,
Felistus