Bedi la Agnesi Alidula ndi Sowo

Lachinayi, kuno ku Khuyu. Tsiku loipa.

Bedi limene ndinapangira mwana wanga Agnesi, loti apite nalo kubanja kwake ku Yofu, alidula ndi sowo.

Ndinalipanga masabata atatu ndi matabwa a mbawa ochokera ku Cobue. Mulibe msomali ngakhale umodzi. Mwendo uliwonse ndinauboola ndi tchizulo, nsonga ya thabwa n'kulowa m'bowomo, chikhomo chamtengo n'kutseka. Ukagogoda zikhomo zinayi bedi limamasuka lokha, n'kulinyamula pamutu.

M'mawa ndinapita ku Chipyela kukagula vanishi. Mkamwini wanga Yohane anabwera kudzalitenga ine kulibe. Litakanika kutuluka pakhomo, anatenga sowo yanga yomwe n'kudula matabwa onse awiri a m'mbali, pafupi ndi miyendo.

Nditafika ndinapeza utuchi pakhomo.

"Simukanandidikira?" ndinamufunsa.

"Pepani bambo, eni boti amafulumira. Musadandaule, tikakhoma misomali."

Msomali umang'amba mbawa youma. Ndinafuna kumuuza zimenezo, koma Agnesi anandiyang'ana mondipempha kuti ndizisiye. Ndinawathandizanso kunyamula mpaka kunyanja.

Matabwa ndikhoza kupeza ena. Chikundiwawa n'chakuti Agnesi amazidziwa zikhomo zimenezi, wakula akundiona ndikuzigogoda. Mkazi wanga wandiuza kuti Agnesiyo anaimirira pomwepo mwamuna wake akudula, osanena kanthu. Amayi ake akuti mwina anangoiwala. Ine sindikukhulupirira. Mwana wanga uja sanasowepo mawu m'nyumba muno, ndipo ngati wayamba kuopa kulankhula sabata yoyamba yomweyi ya ukwati…