Pamene Panali Mkuyu Paja

Mchinji Boma
9 Seputembala, 2024

Okondedwa achemwali anga a Enifa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko, ndi kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Ife kuno tilipo, kungoti fumbi ndi zokonzekera ukwati wa mwana wanga Tiyamike zatifooketsa. Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Foni yanu ndimaidziwa, imakhalira m'manja mwa adzukulu, ndipo uthenga uliwonse umayamba wamveka pabwalo ponse usanafike kwa mwini wake.

Munandifunsa zinthu ziwiri. Choyamba munachinena mokweza: anthu akwathu amene mukubwera nawo pa minibasi kuchokera ku Phalombe adzadya kuti, adzamwa kuti, nanga adzaona chiyani? Chachiwiri munachinena motsitsa mawu, foni ili pafupi kuduka. Munati, "Lucy, ndikabwera udzandionetse pamene munaika mwana wanga." Ndiyamba ndi choyambacho chifukwa ndi chosavuta.

Mukafika Lachinayi mudzadya kwathu. Lachisanu ine ndidzakhala pamoto ndi amayi a kutchalitchi, ndiye alendo adzadzionere okha. Kuseri kwa depoti kuli mayi wina dzina lake Imelda, amaphika mpunga ndi nkhuku ya lokolo, ndipo nkhwani wake amatendera ndi nsinjiro za mtedza wakuno. Mukamuuza kuti ndinu abale a Lucy saumira msuzi. Achinyamata adzafuna tchipisi ndi kanyenya. Amenewo atumizeni ku boda, kumene ziwaya sizizizira chifukwa cha madalaivala a mathiraki, koma apite masana ndipo abwerere pamodzi.

Atsibweni a Mayeso muwayang'anire bwino. Ku boda mabala ndi ambiri kuposa matchalitchi, ndipo anyamata osintha ndalama ali ndi pakamwa pokoma. Amangoti, "Bwelani kuno ba mudala, nizakupasani bwino." Inu mukuwadziwa atsibweni, akangomva kuti ba mudala adzayesa alongedwa ufumu, ndipo tidzawasaka ku Chipata tsiku la ukwati. Amayi ofuna zitenje awoloke ndi boda pasi, asaiwale zitupa zawo. Zina zoti n'kuona kuno sizichuluka: mapiri, njanji, ndi mathiraki amene amandanda kudikira mapepala. Mlendo ndi mame, aone zimene angathe. Pobwerera Lamulungu mudzaime pa Kamwendo mugule mbatatesi.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikupazungulira.

Madyerero a ukwati akachitikira pa loji ina yatsopano, panjira yopita ku boda. Anasankha ndi abale a mkamwini wathu Raphael, ndipo ine ndinangovomera dzina lake osadziwa kuti ili pati. Sabata yatha komiti ya ukwati inanditenga kuti ndikaone malowo. Galimoto itasiya tala n'kukhotera mumsewu wa mabulugamu, ndinawazindikira malowo. Achemwali, ndi pa esiteti paja. Mwini wake atamwalira, ana anagulitsa malo zidutswazidutswa. Pamene panali nyumba zathu za matenanti tsopano ndi poimika magalimoto. Chigafa chachikulu chija, mmene amuna anu, alamu anga a Davie, ankapachikamo fodya, anachikonza n'kukhala holo, ndipo mapaso ake akale anawapaka vanishi kuti alendo aziwasirira. Dambo lonse anathiramo dothi n'kudzala kapinga.

Inu simunaone kumene tinapita mmawa uja, chifukwa munagona m'nyumba mutayang'ana kukhoma. Mwana anali asanatuluke m'chikuta, ndiye amuna sanaloledwe, ngakhale alamu amene. Tinapita amayi okhaokha. Ine ananditenga ngakhale ndinali ndi Tiyamike kubere, chifukwa pa esiteti yonse panalibe wina wamagazi athu. Tinatsetsereka kudambo mpaka pa mkuyu waukulu umene unali pafupi ndi chulu, ndipo tinamugoneka pakati pa ziwirizo. Chaka chomwecho inu ndi alamu munabwerera kumudzi. Ine ndinkati ndikapita kukatunga madzi ndinkadzera pomwepo n'kuponya maso. Titasamukira kuno ku boma, mtima wanga unali m'malo, poti mkuyu ndi chulu sizisamuka.

Mkuyu anadula. Chulu anasalaza, dothi lake anaumbira njerwa za mpanda. Ndinaima pakati pa kapinga uja ngati munthu wosokera mumsika. Tiyamike, amene anapita nafe, anandigwira mkono akumwetulira.

"Amayi, taonani kapingayu. Zithunzi zikatuluka bwino apa. Kodi simukukondwa?"

"Ndakondwa, mwana wanga," ndinatero. "Ndi dzuwali landilowa m'mutu."

Iye sadziwa chilichonse. Sadziwa kuti anali ndi mbale wa msinkhu wake, amene Loweruka la ukwatili akanakhala pamzere wa operekeza mkwati.

Nditafika kunyumba ndinawauza a Zakeyu kuti tipemphe malo ena. Amuna angawo mukuwadziwa, sakalipa, amangofunsa mafunso amene amakusowetsa chonena.

"Ukawauza chiyani asebele ako? Makadi anagawa kale. Ndipo iwo akamva nkhaniyi adzati tawabweretsera tsoka paukwati wa mwana wawo."

"Nanga achemwali ndidzawaonetsa pati?"

"Udzangoloza penapake. Iwo sakudziwapo, adzakhulupirira."

Ndinawaikira madzi osamba n'kukakhala kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakwiya nawo masiku angapo, makamaka chifukwa mtima wanga unali utaganizako kale zomwezo.

Mwa amayi amene tinali nawo mmawa uja watsala mmodzi yekha, mayi Dailesi a ku Ntcheu aja, amene ankasoka fodya mofulumira kuposa tonse. Akalamba, maso achita nkhungu, ndipo amagulitsa mtedza wokazinga ku boda. Dzana ndinakawatenga pa kabaza. Mlonda wa pa loji anatilola kulowa nditamuuza kuti ndine mayi a mkwati. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo atandigwira paphewa, uku akugogoda pansi ndi ndodo yawo. Anandifunsa kumene dzuwa limatulukira, anandifunsanso kumene kuli chigafa. Kenaka anaima kuseri kwa khitchini, pamene pamatuluka madzi otsukira mbale.

"Ndi pano. Mkuyu unali kumanja kwathu."

"Ayi, mayi. Ine ndikuona ngati ndi kumunsi uko, kumene adzaike mipando ya akwati."

"Iwe unali kamtsikana, unkangonjenjemera. Khasu linali m'manja mwanga."

"Koma ine ndi amene ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku."

Tinakangana ngati ana. Iwo anasuntha n'kuloza pena, ine ndinasuntha n'kuloza penanso, mpaka tonse awiri tinazindikira kuti palibe amene akudziwa. Tinakhala pansi pakapinga. Kunali zii, kumangomveka kampopi kothirira maluwa.

"Kodi mkulu wakoyo akufuniranji?" anandifunsa. "Mwana wotere salira, ndipo sapitako kukaona. Tinamuuza tsiku lomwelo kuti akalira atseka mimba."

"Munawauzadi, ndipo anamvera. Mpaka lero sanalire."

Mayi Dailesi anayamba kuzula kapinga ndi zala. Kenaka anati, "Anga awiri ali m'madambo a maesiteti ena, sindingathenso kuloza. Ine ndinkawalirira pamaliro a eni ake. Anthu ankati Dailesi ndi wachifundo."

Tinabwerera ku boda pa kabaza. Ndinawasiya pamalo pawo, iwo n'kundiikira mtedza m'thumba, akukana kuti ndilipire.

Ndiye yankho langa ndi limeneli, achemwali, ndipo likundiwawa polemba. Sindingathe kukuonetsani pamene pali mwana wanu. Ndikanatha kukugwirani dzanja n'kukuimikani pansi pa duwa lokongola, inu n'kupemphera, n'kubwerera ku Phalombe mtima uli m'malo. Koma munandilera ndinu amayi atamwalira, ndipo sindinakunamizenipo pa chinthu chachikulu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ali mkati mwa mpanda umenewo, penapake pakati pa khitchini ndi pamene padzakhale akwati. Anthu adzadya pamenepo, adzamwa, adzavina perekaniperekani. Sindinafune kuti mudzazindikire nokha galimoto ikadzakhotera m'mabulugamu, muli pakati pa anthu oimba nyimbo.

Mukaona kuti simungathe, nenani kuti bondo lavuta. Ine ndidzakuikirani kumbuyo ndipo palibe adzafunse. Koma ndikupempha kuti mubwere. Ndauza a komiti kuti mpando wanu udzakhale pafupi ndi wanga, kutsogolo, pakapinga penipeni. Paukwati mayi wamkulu wa mkwati akamalira, anthu amati ndi chimwemwe, ena mpaka amamuimbira nthungululu. Palibe adzakuletseni, palibenso adzakuuzeni kuti mupukute msanga. Mudzalire mmene mungafunire, ndipo ine ndidzalira nanu. Kenaka anthu akabalalika, tidzavula nsapato n'kuyenda malo onsewo awiriwiri, kuyambira kukhitchini mpaka kumunsi, osasiya pena.

Mundiuze msanga chimene mwaganiza, koma musanene zambiri pafoni. Mukangoti "tikubwera" ndidzamva.

A Zakeyu akupereka moni, ndipo akuti musaiwale nandolo. Tiyamike akuti chitenje chanu cha yunifomu chili kwa telala, mutumize muyezo. Mundiperekere moni kwa atsibweni, kwa adzukulu onse, ndi kwa amayi a mumpingo amene akudzatithandiza. Moni wapadera kwa Pemphero, amene aliyense amati ndiye mwana wanu wachisamba, ndi kwa ang'ono ake awiri. Anthu amati muli ndi ana atatu. Ine ndimawerenga anayi.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Lucy