Ndakatulo za Adadi pa Kapito

Capital Hill
Lilongwe
14 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene a Nebert,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tili bwino, kupatula fumbi. Musadabwe kulandira kalata ya pepala kudzera kwa a Wilbert oyendetsa basi; nkhani ili m'munoyi siyolemba pa foni.

Achimwene, adadi athu ndi mlakatuli! Inde, a Maynard omwe aja, msilikali wakale wosaseka, amene pano akulondera nyumba ya Mayi Lata ku Area 12. Mayiwo ndi amene anawatulukira. Anatenga buku lolembamo alendo pageti kufuna nambala ya pulambala, n'kupeza masamba akumbuyo atadzaza ndi mizere ya Chichewa. Iwo Chichewa amachidziwa kuposa ine, anakulira m'sitolo ya nsalu ku Old Town. Anawerenga ataimirira pomwepo mpaka kuiwala kuti mpope ukutaya madzi. Kenako anandiimbira: "Lonely, iwe umataipa tsiku lonse za boma. Taipa za bambo ako."

Adadi anakana sabata yathunthu. Lachitatu lapitali ndangoona atulukira ku ofesi nthawi ya lanchi, atavala tayi, bukulo lili m'jumbo. Akuti sangandisiyire, ndingalakwitse sipelo. Anakhala pambali panga n'kumawerenga mokweza ngati akulamula perete, ine ndikutaipa. Anzanga anasiya chipisi chawo n'kusendera.

Ndakatulo yoyamba inali ya nsapato zimene anawapatsa popita kukalondera njanji ku Mozambique nthawi ya nkhondo ija:

"Boma linandipatsa nsapato zazikulu,
mpata wotsalawo ndinadzazamo mantha."

Ofesi yonse inafa ndi phwete. Adadi anatiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa, koma ndinaona masharubu akugwedera. Anawerenganso ina ya nyemba zosapsa za kumsasa, anthu kuseka mpaka a bwana kutuluka kudzaona chachitika n'chiyani. Nawonso anakoka mpando.

Kenako anatsegula tsamba lina, mawu n'kutsika:

"Amene tinamuwombera anali ndi chimanga chokazinga m'thumba,
chofanana ndi changa.
Ndinamufunsa chimene tinayambanirana, sanayankhe.
Ndinadzifunsa ndekha, nanenso sindinayankhe."

Kuseka kunathera pomwepo. Yomaliza inali ya mnzawo Felton, dzina limene sitinalimvepo kunyumba:

"Tinalondera njanji, Felton, njanji ilipobe.
Sitima ikudutsa ikuliza hutala,
dzina lako silidziwa."

A Reinford a ku akaunti, amene amatsutsa chilichonse, anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Kenako anati, "Bambo, ife nkhondoyi tinkangoimva pa wailesi ngati mpira." Adadi anati, "Mpira umakhala ndi wowina." Atatero anapempha tiyi, n'kudandaula kuti shuga wachepa, anthu n'kuyambanso kuseka.

Powaperekeza kukakwera minibasi ndinalimba mtima. Ndinati, "Adadi, n'chifukwa chake munang'amba kalata ya achimwene yowaitana ku usilikali?" Tinayenda mpaka pasiteji. Pomwepo ndi pamene anati, "Felton anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ngati mchimwene wako chaka chimenecho. Ine ndinanyamula katundu wake kukapereka kwa mayi ake ku Mitundu. Anandiphikira nkhuku." Kondakitala anali akukuwa kale, iwo n'kukwera.

Achimwene, sindikunena kuti anachita bwino. Kalatayo inali yanu, ndipo ndikukumbukira mmene munkathamangira m'mawa uliwonse kukonzekera. Zaka zinayi osalankhulana, inunso muli ndi chifukwa chanu. Koma ine ndinkayesa kuti anakuchitirani nkhanza chabe, ndipo ndinkawanenera kumbali pamodzi ndi inu. Ndiye ndati nanunso mumve zimene ndamva.

Tsopano kuulula kwanga: ndakatulo zonse khumi ndi zitatu ndaziika mu envulopu ino. Adadi anandiletsa kuti ndisakutumizireni. Anandiletsa kawiri, kachiwiriko akundifunsa tsiku limene basi ya a Wilbert imanyamuka. Muweruze nokha.

Mayi Lata akuti azisindikiza kabuku, ndipo akukangana ndi adadi za chithunzi cha pachikuto. Mayiwo akufuna cha yunifolomu, adadi akufuna chimene anajambulitsa atanyamula tambala wawo. Ndikuona ngati tambala apambana.

Amayi akupereka moni, akuti muzidya. Mng'ono wanga Rachel wakhoza mayeso ndipo akuti musaiwale lonjezo la nsapato. Adadi sanapereke moni, mukuwadziwa. Angondifunsa ngati n'zoona kuti kumeneko kukuzizira kwambiri mwezi uno. Nditavomera analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi jekete lawo labuluu lija ankakukanizani kuvala. Akuti lawachepera. Achimwene, silinawachepere, anavala Lamulungu lomweli. A Wilbert akupatsani pamodzi ndi kalatayi.

Nambala ya adadi sinasinthe.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Lonely