Lobeliya wa aNangozo

4 Meyi
Mbewu za lobeliya zafika, watumiza mwana wathu Mirriam kuchokera ku Joni. Kapepala kamodzi basi, njere ngati fodya wamphuno. Zaka khumi ndi zisanu ndinasamala maluwa amenewa pabwalo la bwana ku Benoni, ku Joni komweko. Ndikabwera patchuthi kuno ku Biriwiri, akazi anga aNangozo ndinkangowafotokozera pakamwa. Pano diso lawo lamanzere linafa, lamanja likuzima pang'onopang'ono. Adokotala pa Boma anati sangalibweze. Ndikufuna aone buluu wa maluwa amenewa lisanazime.

6 Meyi
Ndafesa m'beseni lobooka. Dothi losefa, njere pamwamba, osakwirira. Zimamera zikamaona kuwala. Kuthirira kwake n'kuviika beseni m'madzi, chifukwa keni yothirira ingakokolole zonse.

7 Meyi
Ndinali kumaliro ku Mlangeni. Pobwera ndapeza beseni lakwiriridwa, dothi lakuya chala chathunthu, udzu pamwamba ngati nazale ya kabichi. "Munaiwala kukwirira, bambo, nkhuku zikanatha." Atero aNangozo, akumwetulira, kudikira zikomo. Munthu wafesa kabichi zaka makumi anayi, ungamuuze chiyani? Ndathokoza. Kenako ndakakhala kuseri kwa khola, mtima ukuwawa.

28 Meyi
Palibe chamera. Ndawauza aNangozo zoona, kuti kukwirira kuja ndiko kwapha mbewu. Madzulo ndiye akuti: "Mbewu yanji yoopa dothi? Yaulesi ngati mwini wake."

29 Meyi
Atulutsa kapepala kaja m'buku lawo la nyimbo. Ine ndinataya, iwo anatola. Mayi amenewa sataya pepala, ndakhala ndikuwanena zaka zonsezi. Ndang'amba m'makona, ndagogoda pa mbale yoyera. Tinjere tilipo! Pofesa ndawauza aike manja kumbuyo.

16 Juni
Tamera, tobiriwira ngati ndere. Kukuzizira koopsa, beseni timalowetsa m'nyumba dzuwa likapendeka. Masana aNangozo amakhala pambali pake ndi kamtengo, tsoka kwa nkhuku. Timbewuto sakutiona. M'mawa uliwonse: "Ana anu adzuka bwanji?"

21 Julayi
Ndawokera m'zitini, timagulutimagulu. Lero pothira tiyi aphonya kapu. Apukuta msanga, ine ndayang'ana kudenga. Ndili ndi mantha. Maluwa inu, fulumirani.

2 Seputembala
Maluwa atatu atseguka. Ndawatengera aNangozo chitini padzuwa. Achiyandikitsa mpaka kukhudza mphuno, mutu akupendeketsa, kusakasaka ndi kambali ka diso kamene katsala. Nthawi yaitali.

"Timaluwa tochepa chonchi ndi timene munkandisiyira ndekha chaka chathunthu?" Kenako, motsitsa mawu: "Koma mtunduwu ndi wa mpango uja munabwera nawo chaka chimene Mirriam anabadwa."

Mpango umenewo ndinausankha chifukwa cha maluwa omwewa. Sindinawauzepo.

Aona.