Suti ya Adadi Ibwere ku Wenya

Wenya, Chitipa
Mwezi wa Julayi

Okondedwa amayi,

Landirani moni wanga, ndapereka nditagwada. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Linthipe? Mwendo uja ukumatupabe mukachokera kudimba? Nanga adadi, chifuwa chija chinasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwake, amayi, kwa ku Dedza kuchepa. M'mawa madzi a m'ndowa amachita kuluma zala. Kuchipatala ana a chibayo ndiye mbwee, timaweruka miyendo ili nyenyenye.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakale. Foni ya pakhomopo imakhala m'thumba mwa Felix, ndipo mwana wanuyo mukumudziwa, chilichonse amaika pa sipika mpaka nkhuku zimve nawo. Ndiye kalatayi ndapatsira Jennifer, namwino mnzanga amene akupita kutchuthi. Muwerenge muli nokha chonde.

Amayi, ine mtima suli m'malo. Ukwati wayandikira chonchi koma adadi sakundiyankha. Ndimakwera kachitunda ka kuseri kwa chipatala komwe timapezera netiweki, ndikaimba, Felix akuti adadi apita kukaona mbuzi. Mawa lake akuti agona. Adadi kugona dzuwa lili paliwombo? Kuyambira liti?

Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndi pakamwa pangapa. Felix atandiuza kuti adadi atulutsa suti yawo ya poliyesita ija kuti adzavale paukwati wanga, ine ndinamutumizira mawu pafoni ndikuseka. Ndinati chonde awaletse, sutiyo imanyezimira ngati jumbo yonyowa, makolala ake ngati makutu a njovu, anthu akatijambula n'kutiika pa Fesibuku. Ndinkayesa amvera yekha. Kani iye anawatsegula pa sipika ali pakhonde, adadi ali pompo akutong'ola chimanga! Akuti sanakalipe n'komwe. Anangoipinda bwinobwino n'kuibwezera m'bokosi, n'kunena kuti poti zovala zawo zichititsa manyazi anamwino, ku Chitipa kupite amalume, iwo atsala ndi mbuzi zawo. Mwina munalipo, mwina munali kudimba, sindikudziwa. Madzi akatayika saoleka, amayi, koma ine ndikufuna ndiyesebe kuwaola.

Sikuti ndinkafuna kuwanyoza ayi. Masiku ano paukwati anthu amavala yunifomu, mukudziwa. Ndinagula zitenje za ku Tanzania pa boma, telala n'kusoka malaya a azibambo onse ofanana, a adadi ndiye ndinachita kumuuza kuti awaike nsalu ya mkati chifukwa cha mphepo ya kuno. Telalayo ndinamufunsako ngati angathe kuchepetsa makolala a suti ya poliyesita. Anaseka mpaka kusiya kupalasa makina. Akuti nsalu imeneyo anaisoka komaliza ali kamnyamata, ndipo ngakhale pakaunjika ikatuluka m'belo amangoiponya pamulu wa zotchipa, ogula ndi abusa a ng'ombe okha poti minga siiboola. Inu nomwe madiresi anu a kilimpilini aja simunawang'ambe n'kusokera mapilo? Nanga jojeti ija ya mapewa otukumuka ili pachithunzi cha ubatizo wa achemwali a Doreen, ili kuti lero? Ndinkangoti zinthu zimapita basi. Ndinaiwaliratu kuti suti imeneyo ndi imene adadi anakutengerani nayo kutchalitchi.

Tsono vuto lenileni nali. Kwathuko amalume akafika ndiye kuti mbumba yonse yafika, palibe amafunsa zambiri. Kuno sizili choncho. Kwawo kwa a Samuel, amene akundikwatirawa, mwana ndi wa bambo ake, ndipo bambo ndiye amapereka mwana m'manja mwa anthu. Bambo ali moyo, akuyenda ndi miyendo yake, n'kupanda kuoneka paukwati, kwa iwo ndiye kuti wakana banjalo. Azakhali awo a Samuel anayamba kale kunong'onezana kuti mwina kwathu tikuwaona ngati anthu akutchire, oyankhula Chichewa chopindika. Ng'ombe imene anaipatula kuti adzaphe, ena akuti ayambe aibwezera kaye kubusa. Mayo ine!

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, Dinah, mchemwali wawo wa a Samuel, anandikokera kuseri n'kundifunsa maso ndi maso ngati adadi akukana. Ndinalephera kunama. Ndinamuuza zonse, za jumbo yonyowa, za makutu a njovu, misozi ili chuchuchu. Mlamu wangayo m'malo mondimvera chisoni anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi, akungoti yayi mulamu, yayi. Atatha kuseka ananyamuka ulendo kukauza bambo ake. Ine ndinati basi, zanga zada.

Loweruka bambo akewo anandiitanitsa kumudzi kwawo. Ndinayenda pansi njira yonseyo ndikupemphera. Kuno mpongozi wamkazi sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna, ndiye ndinakhala pamphasa chapatali, mutu pansi, Dinah pakati kuti azitinenera. A Sibale, bambo awo a Samuel, anangoti monire mkamwana, n'kulowa m'nyumba. Anakhalitsa. Ine thukuta kamukamu kunja kukuzizira chonchija.

Potuluka, amayi, anatuluka atanyamula suti! Poliyesita yeniyeni, yobiriwira ngati masamba a mpiru, fungo la m'bokosi lili guu. Makolala ake, a adadi achepa. Ndinaba kuyang'ana kamodzi kokha, ndinatsala pang'ono kukuwa.

Ananena kuti anaigula akugwira ntchito ku Zambia asanakwatire, ndipo m'masiku amenewo mnyamata wovala poliyesita akamadutsa atsikana ankasiya kusinja. Akuti unkaichapa madzulo, m'mawa yauma, yopanda khwinya ndi limodzi lomwe. Sitolo imene anagulako inagwa kalekale koma batani silinathothokepo. Kenako analoza Dinah n'kunena kuti paukwati wake ana awo anawalanda sutiyo n'kuwaveka kathalauza kothina kolekera m'mwamba mwa akakolo, moti m'tchalitchi analephera kugwada, ankaopa kuti kaphulika kumbuyo pamaso pa abusa. Kuyambira tsiku limenelo akuti akhala akufunafuna munthu mmodzi yekha wodziwa nsalu, ndiye lero amva kuti Mulungu wawasungira sewere wotere ku Dedza.

Ine ndinayamba kupuma, ndikuti zatheka. Koma anawonjezera mawu amene andisowetsa mtenderewa. Anati ng'ombe ikhalebe yopatula, ndipo azakhali atseke pakamwa. Koma iwo sadzakhala kutsogolo okha ngati chitsa. Asewere awo akabwera ndi suti yawo, adzalowa limodzi m'tchalitchi ndipo ofuna kujambula adzajambule mpaka mafoni atenthe. Akapanda kubwera, tsikulo lisunthidwe mpaka mtima wa bambo utatsika, chifukwa iwo satenga mwana wa munthu mwini wake atayang'ana kumbali. A Samuel ayesa kuwanyengerera koma akuluwo sakusuntha. Ndipo mvula ikangoyamba, msewu wa kuno mudzaumva, galimoto zimagona m'matope. Likasunthidwa ndiye mpaka chaka chamawa, kaya anthu adzakhala akadali ndi mtima womwewu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, amayi. Mukawaone adadi pa nthawi imene mumaidziwa inuyo, atadya, wailesi atatseka, mukawagwadire m'malo mwanga. Muwauze kuti Thandizo walakwa, anayankhula ngati mwana wosadziwa nsalu. Muwafotokozere za a Sibale ndi makolala awo, mwina aseka. Akavomera, muitulutse sutiyo muiyanike pamthunzi fungo lichoke. Ngati n'kusita, musite nokha, simbi isatenthe kwambiri ndipo muyale kansalu pamwamba. A Sibale achita kutsindika kuti poliyesita ikakumana ndi khala imasungunuka ngati pulasitiki. Felix asayandikire simbi imeneyo, watilakwira kokwanira. Malaya achitenje a adadi aja adzavala amalume, ndi a msinkhu umodzi.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achemwali a Doreen ndi alamu, ndi tiana tawo tonse. Azakhali a kutsidya muwauze kuti mankhwala a maso aja ndidzawapatsira pobwerera inu. Felix mumupatse moni wochepa, wotsalawo adzalandira akadzaphunzira kutsitsa sipika.

Ine ndizikwera kachitunda kaja tsiku lililonse ndikaweruka, foni ili m'manja. Adadi ngati sakufuna kundiyankhula, ngakhale angofulasha, ndidzamva. Muwauze kuti suti inzake kuno aichapa kale, ili pachingwe, ikudikira iwowo.

Ndine mwana wanu wa pakamwa posathina,
Thandizo